Chifuwa Chikakhalitsa, Mtima Nawo Umatopa: Zikhulupiriro ndi Zoona

Ku zipatala za mu Lilongwe, kuyambira ku Bwaila mu Old Town mpaka ku Kamuzu Central, kumabwera odwala ena amene mbiri ya matenda awo imafanana. Munthu wakhala akutsokomola zaka zingapo, ndipo akakwera kachitunda amachita befu. Iye ndi apabanja pake azolowera, amangoti ndi chifuwa chake chija. Kenaka nsapato zimayamba kuthina madzulo, akakolo amafufuma, mimba imakula pamene thupi likutha. Apa m'pamene abale amadzidzimuka, poganiza kuti kwagwa matenda achilendo. Kawirikawiri amakhala matenda akale omwe aja, koma tsopano afika ku mtima. Madokotala amawatcha cor pulmonale, kulephera kwa mbali ya kumanja ya mtima chifukwa cha mapapo odwala.

Mtima ndi mapampu awiri ogundizana. Mbali ya kumanzere imakankhira magazi m'thupi lonse, choncho mnofu wake ndi wochindikala. Mbali ya kumanja imalandira magazi obwerera kuchokera m'thupi n'kuwapititsa m'mapapo kuti akatenge mpweya wa okosijeni. Ulendo umenewu ndi waufupi, njira yake ndi yofewa, ndiye mnofu wa kumanja ndi wopyapyala. Munthu atangokhala, magazi okwana malita 5 amadutsa m'mapapo pa mphindi iliyonse, ndipo alibe njira ina yolambalala.

Amene amayenda mu Old Town amadziwa zomwe zimachitika pa mlatho wa Lilongwe anthu akaweruka. Pamlatho pakathina, mzere wa magalimoto umabwerera m'mbuyo mpaka kudepoti ndi ku Malangalanga, ngakhale kuti kumeneko kulibe ngozi iliyonse. Mapapo ndiwo mlatho wa magazi. Akaonongeka, timitsempha tina timafa, ndipo totsalato timafinyika pamene mpweya wachepa. Mbali ya kumanja ya mtima imakankha mwamphamvu kwa zaka, imachindikala, kenaka imatanuka n'kufooka. Magazi amadikha m'mbuyo: m'khosi, m'chiwindi, m'mimba ndi m'miyendo. Zikhulupiriro zambiri zimene zimachedwetsa anthu zimamera chifukwa chakuti kutupa kumaonekera kutali ndi pamene pali gwero.

Chikhulupiriro: "Andiyeza BP ili bwino, ndiye mtima wanga ulibe vuto."

Zoona: Kachipangizo komanga pamkono kamayeza mphamvu ya magazi ochokera ku mbali ya kumanzere. Sikaona zomwe zikuchitika pakati pa mtima ndi mapapo. Mwa munthu wathanzi, BP ya pamkono imakhala cha m'ma 120 pa 80, pamene ya m'mitsempha ya m'mapapo imakhala yotsika kwambiri, cha m'ma 25 pa 10. Ya m'mapapoyi ikhoza kukwera mowirikiza kawiri kapena katatu ya pamkono ili phee. Choncho munthu atha kuyezetsa pa famase ku City Centre mwezi ndi mwezi, n'kumauzidwa kuti zonse zili bwino, mtima wa kumanja ukulefuka.

Vutoli limadziwika ndi njira zina. Dokotala amayang'ana mitsempha ya m'khosi wodwala atatsamira. Ikakhala yotupa mpaka kufupi ndi chibwano, ndiye kuti magazi akubwerera. Amaika kachipangizo pachala koyeza okosijeni m'magazi. Amajambula chifuwa ndi X-ray, amayeza kagundidwe ka mtima ndi ECG, ndipo pamene makina alipo amaunika mtima ndi sikani yotchedwa echo, imene imaonetsa kukula kwa mbali ya kumanja. Palinso kuyeza mapapo pouzira mwamphamvu m'kachubu, koma makina amenewa sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri, n'chifukwa chake wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu.

Chikhulupiriro: "Kutupa miyendo ndi tsempho, kapena waponda mankhwala."

Zoona: Makolo athu adaona bwino lomwe kuti pali matenda amene amaphatikiza kutsokomola, kupweteka kwa m'chifuwa, kuonda ndi kutupa. Adawatcha tsempho kapena mdulo, n'kuwalumikiza ndi kuphwanya mwambo wa m'banja komanso mchere wothiridwa ndi munthu wosayenera. Zizindikirozo n'zenizeni, koma gwero lake lili m'thupi. Mtima ukalephera kukoka magazi, impso zimayamba kusunga mchere ndi madzi, ndipo madziwo amatsikira kumene kuli kumunsi.

Mungathe kudziyesa nokha. Dinikizani chala chachikulu pa msongolo, pamwamba pang'ono pa kakolo, muwerenge mpaka 10, kenaka muchotse. Pakatsala dzenje lomwe likuchedwa kubwerera, amenewo ndi madzi. Kutupa kochokera ku mtima kumagwira miyendo yonse iwiri, kumakula madzulo ndi kuphwa pang'ono m'mawa. Kukapitirira kumakwera m'ntchafu ndi m'mimba, ndipo pansi pa nthiti za kumanja pamawawa chifukwa chiwindi chadzaza magazi. Munthu amakhuta msanga ngakhale wadya mbamu ziwiri zokha.

Kutema mphini pa mwendo wotupa n'koopsa. Khungu lotamuka silipola msanga, madzi amachucha masiku ambiri, ndipo tizilombo timalowa n'kuyambitsa chilonda chosapola. Choipa china n'chakuti mlandu umagwera munthu wosalakwa, kawirikawiri mkazi wa wodwalayo, amene akanakhala woyamba kumuperekeza kuchipatala. Kutupa kungabwerenso chifukwa cha impso, chiwindi, kuchepa kwa magazi kapena vuto la mbali ya kumanzere ya mtima, ndipo zonsezi zimasiyanitsidwa poyeza.

Chikhulupiriro: "Matenda a mapapo ndi a anthu osuta fodya."

Zoona: Fodya amaonongadi mapapo, kaya ndi ndudu ya m'sitolo kaya chingambwe, ndipo wosuta ayenera kusiya lero lomwe. Koma odwala ambiri kuno sadaikepo ndudu pakamwa. M'Malawi mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti utsi wa m'nyumba udapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni mu 2020. Mayi amene wawerama pa mafuwa kuyambira ali kamtsikana, kuuzira moto m'khitchini yopanda zenera, wapuma utsi wochuluka zedi pofika zaka 50. Mwaye umene umadetsa denga la khitchini umalowanso m'chifuwa.

Taimani pafupi ndi msika waukulu wa mu Old Town m'mawa. Wachiwaya wakoleza kale moto, utsi wa nkhuni ndi wa mafuta opserera ukumuwomba kumaso, ndipo akhala pomwepo mpaka mdima. Pambali pake amayi akupakula makala m'timajumbo, manja ndi mphuno zili bii. Maminibasi akufuka podikira anthu, ndipo kumbali ya mtsinje wina wayatsa zinyalala zosakanikirana ndi mapulasitiki. Palibe mmodzi wa iwowa amene amadzitcha wosuta, koma mapapo awo sapumula.

Palinso azibambo amene adapita ku Joni. Amalawi ochuluka adagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela mpaka 1974, kenaka kudzera ku TEBA mpaka 1988. Fumbi la miyala ya pansi pa nthaka limaumitsa mapapo pang'onopang'ono, matenda otchedwa silicosis, ndipo limachititsanso kuti munthu agwidwe TB mosavuta. Zizindikiro zimatha kutuluka patapita zaka zambiri munthu atabwerera kumudzi. Mu 2018 makampani 6 a migodi adavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni randi za chipukuta misozi kwa odwala matendawa, ndipo ndalamazo zimayendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust. Gogo amene adagwirapo m'migodi akamabanika, auzeni adokotala mbiri imeneyi, chifukwa imasintha kaganizidwe kawo.

Chikhulupiriro: "Awa ndi matenda a kumudzi ndi m'makomboni, osati a kumayadi."

Zoona: Mpanda wa njerwa sutchinga utsi wochokera mkati. Magetsi akazima ku Area 10, Area 43 kapena Area 47, mbaula imatuluka, ndipo amene amaiweramira ndi wantchito wa m'nyumba. Akaweruka amakaphikanso za banja lake m'kanyumba ka kuseri, chitseko chotseka. Mlonda wa usiku m'miyezi ya Juni ndi Julayi amalowetsa mbaula m'kachipinda ka pageti kuti aothe, ndipo amapuma mpweya wa makala usiku wonse, chinthu chimene chingathenso kumupha ali m'tulo. Wa m'dimba amatentha masamba ouma pafupi ndi mazenera. Jenereta ikaikidwa pakhonde, utsi wake umalowa m'nyumba.

Mwini nyumba naye sali kutali ndi vutoli. Mphumu yosasamalidwa bwino, kusuta kwa zaka zambiri, ndi kunenepa kwambiri kophatikizana ndi nkonono zodukizadukiza usiku, zonsezi zimachepetsa mpweya m'magazi ndi kulemetsa mtima wa kumanja. Wolemba anzake ntchito angathandize ndi zinthu zosafuna ndalama zambiri: malo ophikira a panja kapena olowa mphepo, jekete ndi bulangete kwa mlonda m'malo mwa mbaula, ndi chilolezo chopita kuchipatala popanda kudula malipiro.

Chikhulupiriro: "Ndidamaliza mankhwala a TB, ndiye mapapo adabwerera mwakale."

Zoona: Mankhwala a miyezi 6 amapha kachilombo ka TB, ndipo amenewa ndi machiritso enieni. Koma zipsera zimene kachilomboko kadasiya sizifufutika zonse. Mwa ena mumatsala mapanga, njira za mpweya zotanuka zimene zimasunga makhololo, kapena mbali ya phapo youma. Kafukufuku wa ku Blantyre, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2020, adaunika anthu 405 omaliza kumene mankhwala a TB. Oposa theka adali akadali ndi zizindikiro za m'chifuwa, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse adapezeka kuti mapapo ake sakugwira ntchito mokwanira. Vutoli ndi lalikulu moti akatswiri a m'maiko ambiri adakumana ku Stellenbosch mu 2019 kukakambirana za moyo wa anthu amene achira TB.

Chikhulupiriro chimenechi chili ndi chinzake, chakuti wochira TB akayambanso kutsokomola ndiye kuti TB yabwerera basi. Nthawi zina imabwereradi, choncho makhololo ayenera kuyezedwa. Ku Bwaila, pamene pali chipatala cha Martin Preuss chimene chidatsegulidwa mu 2006, amayeza TB ndi HIV pamodzi, ndipo m'zipatala za boma thandizo la TB ndi laulere. Koma zotsatira zikaonetsa kuti kachilombo mulibe pamene befu akupitirira, musathere pomwepo. Funsani kuti aunike mapapo ndi mtima. Njira yabwino koposa yotetezera mtima ndi kuyezetsa msanga chifuwa chikakana kutha, chifukwa TB yopezeka mochedwa ndi imene imasiya zipsera zazikulu.

Chikhulupiriro: "Akakuika pa okosijeni ndiye kuti wapita."

Zoona: Mantha amenewa ndi ofala m'dziko muno, ndipo adakula m'nthawi ya COVID-19. Amachokera pa zimene anthu adaona ndi maso: wachibale adaikidwa timachubu m'mphuno, mawa lake maliro. Koma amene amaikidwa pa makinawa ndi odwala amene afika atatheratu, ndipo ambiri amafika mochedwa chifukwa cha mantha omwewo. Chimene chimapha ndi matenda, ndipo okosijeni amakhala akulimbana nawo.

Kwa munthu amene mtima wake watopa chifukwa cha mapapo, okosijeni ndi mankhwala enieni, chifukwa amamasula timitsempha tija tofinyika, mtima n'kupeza mpumulo. Kafukufuku wa ku America wa 1980 ndi wa ku Britain wa 1981 adaonetsa kuti odwala mapapo amene mpweya wawo udali wotsika kwambiri adakhala ndi moyo nthawi yaitali atamalandira okosijeni maola 15 kapena kuposerapo pa tsiku. Mlingo wake amaika ndi achipatala. Mwa munthu wathanzi kachipangizo ka pachala kamaonetsa 95 kapena kuposa, koma kwa odwala mapapo a nthawi yaitali madokotala amafuna pakati pa 88 ndi 92, chifukwa okosijeni wopyola muyeso amatha kuwaodzeretsa ndi kufooketsa kapumidwe. Choncho mlonda wa wodwala asamatsegule kapena kutseka makina yekha. Banja limene lagula makina a kunyumba likonzekeretu za nthawi imene magetsi azima, ndipo moto kapena ndudu zisayandikire pamenepo.

Chikhulupiriro: "Inhela ukaiyamba suisiya, ndiponso imaononga mtima."

Zoona: Mankhwala a salbutamol, a m'kabotolo kabuluu, amatha kugunditsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja kwa kanthawi, ndipo apa m'pamene padachokera mphekesera. Zimenezi zimatha zokha. Mankhwala opopera amafika m'mapapo mwachindunji pa mlingo wochepa kuposa wa mapiritsi. Alibe chibaba, munthu amawagwiritsa ntchito nthawi yaitali chifukwa matenda ake ndi a nthawi yaitali. Chimene chimaononga mtima ndi kukhala zaka ukubanika popanda thandizo.

Vuto lenileni n'lakuti ambiri sadaphunzitsidwe kapoperedwe koyenera, mankhwala amangothera pa lilime. Botolo lapulasitiki la mamililita 500 loboola kumunsi, inhela n'kulowetsedwa pabowopo, limathandiza kuti mankhwala alowe bwino, ndipo namwino angakuonetseni kachitidwe kake. Amene apatsidwa inhela yoteteza, monga beclometasone, aziipopera tsiku lililonse ngakhale akupeza bwino, n'kuchukucha m'kamwa akamaliza. Ngati mwayamba kufuna yabuluu ija kangapo pa tsiku, matenda akula ndipo muyenera kubwerera kuchipatala.

Chikhulupiriro: "Mapiritsi okodzetsa ndiwo mankhwala ake, miyendo ikaphwa ndiye kuti ndachira."

Zoona: Furosemide, amene ambiri amamudziwa kuti Lasix, amachotsa madzi ndi kupepuza thupi, koma sakonza mapapo. Akamwedwa mopyola amaumitsa thupi, amavulaza impso, amachotsa mchere wina wofunika pa kagundidwe ka mtima, ndipo wodwala amachita chizungulire mpaka kugwa. Kugula mapiritsiwa pa kauntala n'kumadziikira mlingo, kapena kubwereka a mnansi, n'kusewera ndi moyo. Chimodzimodzinso mankhwala a ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi indocid, amene amasungitsa madzi m'thupi ndi kutopetsa impso.

Pa nkhani ya mchere, chofunika ndi kuchuluka kwake, osati dzanja limene lathira. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo mchere wobisika. Soda wa mu therere ndi m'nkhwani, timakyubu tokometsera ndiwo, nsomba zothira mchere, soseji ndi mchere wa pambali pa chiwaya, zonsezi zimawerengedwa. Amene ali ndi sikelo adziyeze m'mawa. Thupi likakwera ndi makilogalamu 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, ndipo apite kuchipatala asadafike tsiku limene adamulembera.

Chikhulupiriro: "Wodwala mtima ndi mapapo azingogona, asagwire kanthu."

Zoona: Chikondi cha abale nthawi zina chimamanga wodwala pamphasa. Munthu akangogona minofu imasungunuka, ndipo minofu yofooka imafuna mpweya wochuluka pa ntchito yaing'ono, befu n'kumakulirakulira. Magazi amathanso kuundana m'miyendo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kudzuka ndi kukhala pampando kangapo, ndi kuphunzira kukoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono milomo itasongoka, zimachepetsa kubanika. Madokotala a mafizo amaphunzitsa zimenezi. Mlingo wake ndi wakuti munthu athe kulankhula akuyenda; akamva kupweteka pamtima, chizungulire kapena kuda m'maso, aime. Masiku amene matenda abuka ndi opumula, koma akangopezako bwino adzuke.

Kwa mayi amene madokotala apeza kuti BP ya m'mapapo mwake ndi yokwera, pakati ndi chiopsezo chachikulu pa moyo wake. Nkhani ya kulera ikambidwe ndi adokotala, mwamuna ali pomwepo, osati kubisa poopa apongozi.

Chikhulupiriro: "Mtima ukatupa palibenso chochita."

Zoona: Zipsera za m'mapapo sizibwerera, koma mtima wa kumanja umatha kupezako mphamvu katundu wake akachepa. Munthu amene wasiya fodya, watuluka mu utsi, akupopera inhela moyenera, akumwa mankhwala pa mlingo wake ndi kuthamangira kuchipatala chifuwa chikangosintha, amakhala zaka zambiri akuyenda ndi kusamala banja. Amene ali pa ma ARV asadumphitse, ndipo katemera amene achipatala alangiza alandire, chifukwa chibayo chimodzi chikhoza kugwetsa mtima umene unkapirira.

Pali zizindikiro zosadikira kuti kuche: kubanika munthu atangokhala, milomo kapena lilime kuda, kusokonekera mutu kapena kuodzera kwachilendo, kukomoka, kutsokomola magazi, ndi kutupa kokwera msanga. Zikaoneka, pezani galimoto nthawi yomweyo.

Gawo lina la ntchito yoteteza mapapo ndi mtima ndi la mzinda wonse. Malawi idalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, ndipo pangano limeneli liyenera kuonekera m'mabala, m'maofesi ndi m'madepoti. Zinyalala za m'misika zizichotsedwa m'malo mozitentha, ndipo gasi ndi magetsi zikhale pa mtengo umene banja wamba lingakwanitse, kuti makala a ku Dzalanyama asiye kuthera m'zifuwa za amayi. Pamene tikudikira zimenezo, banja lililonse lingayambe ndi zimene lili nazo: phikirani panja kapena tsegulani mazenera, mwana asaberekedwe pa utsi, ndipo wachibale amene wakhala akutsokomola kapena kubanika kwa miyezi mupite naye akayezedwe mapapo ndi mtima womwe, miyendo isadayambe kutupa.